Chimanga Chachikasu cha a Harawa

Mwezi watha tinaika m'manda a Harawa, injiniya wopuma wa kuno ku Njakwa. Kunabwera anthu a masuti ochokera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, galimoto zinadzaza mpaka m'munda wa eni ake, ndipo olankhula anatchula milatho ndi misewu imene malemuwo anamanga mpaka dzuwa linapendeka. Wina anati dziko lataya mzati, wina anati lataya nyali. Amayi tinali kuseri kophikira, utsi uli m'maso, tikumvera chapatali. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula nkhokwe ija, chikhalirecho bokosi linadutsa pambali pake penipeni popita kumanda.

Alendo sindikuwanena, sankadziwa. Koma eni mudzi amene anaimirira kulankhula ankadziwa bwino lomwe, anangoilumpha nkhaniyo ngati matope a m'njira. Ndikuwamvetsa, chifukwa nanenso ndikaiyamba ndimamva kutentha kumaso. A Harawa anamanga nkhokweyo kuti munthu wanjala azitapa chakudya popanda kuchita manyazi, ndipo nkhokwe yomweyo ndi imene inavula mnzawo wapamtima pamaso pa anthu mpaka kumusamutsa pamudzi. Zaka zawo zonse zotsala anazithera poyesa kukonza chimenecho, ndipo sindikhulupirira kuti anagona ndi mtima umodzi kuyambira pamenepo.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwera ndi ukwati, anthu anandipatsa dzina la NyaBanda monga amachitira kuno, ndipo ndakalamba ndikupalasa makina osokera pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi chigayo. A Harawa ndinawadziwira pa buluku. Anabwera nalo lakhaki, lotha pamaondo ndi pokhalira, nati ndiikepo zigamba. Ndinawauza kuti buluku limeneli lagwira ntchito yokwana, nalonso lipume monga eni ake. Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi, natenga tepi yanga yomwe, nayeza bowo lililonse, nandisonyeza kuti nsalu yabwino ikadali yambiri kuposa yotha. Ndinasoka. Bulukulo linabweranso kambirimbiri, mpaka zigamba zinayamba kufuna zigamba zinzake.

Anali munthu wotero. Pensulo kukhutu, maso pa chilichonse chopendekeka. Akalowa m'nyumba mwako, moni asanamalize anali atakuuza kale kuti chitseko chako chinakhomedwa mokhota. Pamasitepe a tchalitchi ankadandaula Lamulungu lililonse kuti lina ndi lalitali kuposa anzake, ndipo nkhalamba ina idzathyokapo mwendo. Atatopa ndi kudandaula anabwera ndi simenti yawo Lachiwiri lina n'kuligumula, osapempha aliyense. Akulu a mpingo anakwiya kwa mwezi wathunthu, koma ankakwera bwino.

Ana awo a ku tauni ankati bambo awo ndi aumbombo panyumba ndi owolowa manja panjira, ndipo sankanama. Pakhomo pawo tiyi ankamwa wopanda mkaka. Koma mjigo ukafa, m'mawa mwake unkawapeza atagwada pamenepo ndi masipanala awo, manja ali bii ndi girizi. Kamlatho ka ana a sukulu pakamtsinje kathu anamanga ndi iwo. Ndalama yamanja sankapatsa munthu. Ankapeka ntchito. Mayi wina wamasiye anamulemba yoyang'anira kachitini koyezera mvula, ndipo ankamulipira ngakhale m'chilimwe, ati kuti aone kuti sikunagwedi. Mayiyo anaphunzitsa ana ake sukulu ndi ndalama za ntchito imeneyo, akuyenda mutu uli m'mwamba ngati wa kuofesi.

Chimene sankafuna kumva ndi kuyamika. Ukawagwadira kapena kuwaombera m'manja, ankatembenuka n'kumapita, iwe n'kutsala ukuombera fumbi. Tsiku lina akudikira buluku lawo ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiuza za kumwera, kumene anakamanganso mlatho wina madzi osefukira atakokolola. Tsiku lotsegulira kunabwera akuluakulu kudzagawa mabulangete. Anasankha gogo wina kuti alandire poyamba, atagwada, akuombera m'manja. Wojambula anati chithunzi sichinatuluke, anamulanda gogoyo bulangete kuti alandirenso. Analandira, anagwadanso, anaomberanso. Kachitatu bwana anali ataphethira, ndiye anamulandanso. A Harawa anali ataima pomwepo ndi chipewa chawo cha ntchito, akuwomba m'manja limodzi ndi anzawo. Anati atafika kunyumba sanathe kudya.

Ndinawafunsa ngati ntchito anaisiya tsiku lomwelo. Anaseka. "Yayi, NyaBanda, ndinadikira penshoni. Wopatsa ayenera kukhala ndi chopatsa."

Kuyambira pamenepo ankaphunzitsa aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti mphatso ndi katundu. Ankati mmisiri asanalole lole kukwera pamlatho amayamba waona ngati mizati ingapirire, koma anthu opatsa amangomutula munthu katundu wa chifundo chawo pamutu osafunsa ngati khosi lili bwino. Ankatinso chinthu chomangidwa bwino ndi chimene umachigwiritsa ntchito osakumbuka wochimanga. Zinkamveka bwino, ndipo ambirife tinkagwedeza mitu. Mmodzi yekha ndiye sankagwedeza.

Ameneyo anali a Munthali, mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wosatuluka m'nyumba wopanda tayi ngakhale popita kukaona mbuzi. Awiriwa anakhalira benchi imodzi pasukulu ya ku Khondowe ali anyamata, ndipo ukalamba unawabwezera pa bawo limodzi pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khonde langa. Sindinaone anthu okondana motsutsana ngati amenewa. Wina akati mvula ibwera, mnzake ankati kukhala ng'amba, ndipo ikagwa ankati imeneyo si imene ankanena.

Nkhokwe ndi imene anatsutsanapo kwambiri. A Harawa anaimanga pakati penipeni pa njira yopita ku mjigo: nyumba ya njerwa yopanda mawindo, njira n'kumalowa khomo lina kutulukira lina. Mbali zonse anadzala nkhadze kuti aliyense wopita kumadzi adzere momwemo, wokhuta ndi wanjala yemwe. Mkati kanjirako kanali kopapatiza, kolowa munthu mmodzi, ndipo kankakhota kuti wapanja asaone. Pokhotapo panali chogwirira chachitsulo. Ukachitsitsa, chimanga chinkatsika chokwana kandowa kamodzi, kudzera m'paipi imene anaiyala mphira ya tayala kuti chisamveke. Mayi ankalowa ndi beseni la zochapa n'kutuluka ndi beseni la zochapa. Zimene zinali pansi pa zovalazo ankadziwa ndi iye yekha. Chimanga chinali cha m'munda mwa a Harawa, choyera ngati cha wina aliyense.

"A Harawa, mukuweta ulesi," ankatero a Munthali, dzanja lili pa bawo. "Wolandira adziwike, ayamike, mawa achite manyazi agwire khasu. Munthu adye thukuta lake."

"Yayi, aphunzitsi. Manyazi sakhutitsa mwana. Inu munakwapula ana zaka zonse zija, lero mukufuna njala ikwapulenso makolo awo?"

"Nanga wakuba mudzamudziwa bwanji?"

"Wakuba kandowa kamodzi m'Febuluwale ndi wanjala basi. Sewerani, mukuchedwetsa dala chifukwa mwaona kuti mwaluza."

A Munthali sanathere pa bawo. Itafika nthawi yawo yolalikira anaima kutsogolo, tayi ili ngwi, nanena za anthu amene asandutsa njira ya kumadzi kukhala munda wawo. Sanatchule dzina, koma amayi ena anawerama. A Harawa anakhala pamalo pawo akuyang'ana denga, mwina akuwerenga malata. Madzulo ake anali pa bawo onse awiri ngati palibe chinachitika.

Zaka ziwiri nkhokweyo inagwira ntchito monga anaikonzera. Sindibisa, chaka chimene bambo a kunyumba anadwala, beseni langa nalonso linatulukamo lolemera kangapo, ndipo palibe anadziwa kufikira lero pamene ndanena ndekha. Ndinkapemphera kuti munthu ameneyu Mulungu amusunge, koma pakamwa ndinkangomunena za mabuluku.

Kenako kunabwera chaka chija mvula inadula chimanga chili m'maondo. Telala njala amaidziwira m'chiuno. Anthu anayamba kubwera ndi masiketi ndi mabuluku kuti ndichepetse, aliyense ndi bodza lake: wina kuti anagula lalikulu, wina kuti ndi la mchimwene wake. Chimanga cha a Harawa chinatha Khirisimasi isanafike. Anagulitsa galimoto yawo, napita kukagula china kutali. Kumeneko anapeza mitundu iwiri, choyera ndi chachikasu, ndipo chachikasu chinali chotsika mtengo. Anatulutsa pensulo, anaona kuti akatenga chachikasu matumba achuluka ndipo nkhokwe ifika mpaka pa zokolola. Anali atawerenganso kwina kuti chimapatsa thanzi kuposa choyera. Anadzaza lole, nabwera akumwetulira ngati mwana wokhoza mayeso.

Mkazi wawo anali atamwalira kalekale. Akanakhalapo akanawagwira mkono lole isanatsitsidwe. A Harawa kuchigayo sankapondako, ufa ankaupeza uli kale m'mbale, ndipo kufunsa sichinali chizolowezi chawo. Amati mutu umodzi susenza denga, koma a Harawa madenga ankawawerengera okha papepala. Anatseka maso a anthu ndi njerwa, anatseka makutu awo ndi mphira, n'kuiwala kuti chimanga chikachoka m'nkhokwe chimapita kuchigayo, ndipo ufa umayanikidwa pamphasa pabwalo dzuwa likuswa mtengo.

Sabata isanathe, ndili pakhonde langa ndinkangoona: uyu watapa, uyu watapa, uyu sanatape. Mudzi wonse unalembedwa ndi utoto. Amene umphawi wawo unali wodziwika kale sanavutike kwambiri, ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto linali kwa a nyumba za malata, amene anali ndi dzina loti alisunge. Ena anayamba kusinja mumtondo kuseri kwa nyumba ngati kale, ufa n'kumayanika kuchipinda.

Mmodzi wa iwo anali NyaGondwe, mkazi wa a Munthali, mtsogoleri wa amayi a mpingo. Munda wawo unapsa ngati ya ena, penshoni ya uphunzitsi inali yongogulira sopo ndi mchere, ndipo panyumbapo panali adzukulu. NyaGondwe anauza amuna awo kuti ufa wachikasuwo watumiza ndi mwana wawo wa ku Mzuzu. A Munthali anakhulupirira, kapena anasankha kukhulupirira.

Zinaululika pamaliro a nkhalamba ina ya m'mudzi. Mwambo wa kuno, monganso kwathu, ndi woti pakagwa zovuta nyumba iliyonse ibwere ndi mbale ya ufa, n'kukhuthulira m'dengu lalikulu pamaso pa amayi onse. Kusabweretsa ndi kudzichotsa pakati pa anthu, ndipo mtsogoleri wa amayi sakanatha kusowa. NyaGondwe anafika mochedwa, mbale ataivundikira ndi kansalu koluka. Anali atasakanizamo ufa wa chinangwa kuti uyereko, koma chikasu sichibisika. Anagwada, nakhuthula msangamsanga, nayesa kusalaza ndi dzanja. M'dengumo munali kale ufa wachikasu wa anthu ena ndipo palibe amene ananenapo kanthu. Koma uwu unali wa nyumba imene inalalikira.

Amene analankhula ndi NyaChirwa, wamasiye wina amene ulaliki uja unamulasa kwambiri. Analankhula mofatsa, ngati akuthokozadi. "Yewo chomene, amama. Kani nkhokwe ya alesi ili ndi khomo lolowera a matayi?"

Kuseka kunayambira kumbuyo, kobisa m'zitenje, pamaliro pomwepo, mtembo uli m'nyumba. NyaGondwe anakhalabe chigwadire, ufa uli m'zala. Ndikanakonda kulemba kuti wina anadzuka kukakhala pambali pawo, koma palibe anadzuka. Ambiri amene ankasekawo anali ndi ufa womwewo kunyumba, ndipo mwina n'chifukwa chake anaseka kwambiri. Pofika nthawi yoika maliro nkhani inali itadumpha kale kupita kumene kunakhala abambo.

A Munthali anafunsa mkazi wawo, ndipo mkaziyo, atatopa ndi kunama, ananena zonse: kuti sanayambe ndi chachikasu, anayamba kale chili choyera. Ndiye kuti tsiku lija a Munthali ankalalikira za alesi, m'mimba mwawo munali chimanga cha m'nkhokwe. M'mawa mwake anavala jekete ndi tayi, anasenza okha kathumba ka ufa wotsala, anadutsa nako pamsika anthu akuona, nakakatula pakhomo pa a Harawa osagogoda. Adzukulu anawatumiza kwa makolo awo. Lamulungu anasiya mpando wa akulu a mpingo nakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Pa bawo sanabwerenso. Panyumba pawo ankadya masamba a maungu ndi mango aawisi ophika. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ife tinkaona zikuchitika.

Tsiku limene a Harawa anapita kumeneko ndinalipo, chifukwa ndinkakapereka buluku la a Munthali limene NyaGondwe anabweretsa kuti ndichepetsenso kachiwiri. Anali masana. A Munthali anali pampando pakhonde, khosi likusambira m'kolala. A Harawa anafika opanda pensulo kukhutu. Anaima pang'ono pabwalo, kenako munthu uja wodana ndi kugwada anagwada m'fumbi, maondo akulira.

"Aphunzitsi, cholakwa ndi changa. Ndinawerenga matumba, sindinaganize za mphasa."

"Dzukani, a Harawa. Anthu akuona."

"Aone."

"Mwandidyetsa mobisa ngati mwana womubisira mankhwala m'phala. Ine ndikukutsutsani pa bawo, inu mukundiseka mumtima."

"Yayi! Sindinkadziwa. Nyumba ija ndinaimanga kuti ngakhale ine ndisadziwe."

A Munthali polankhula, mawu awo sanali aukali, ndipo mwina n'chifukwa chake anapweteka kwambiri. "Ndi chimenecho chikundiwawa. Tinkakhala moyang'anana tsiku lililonse. Inu amene mumaona chitseko chokhota muli pamsewu, simunaone kuti mnzanu lamba wafika pabowo lomaliza? Mukanabwera ndi thumba masana n'kunena kuti Munthali, tenga, ndikanakutukwanani chomene. Ndikatha kutukwana ndikanadya, chifukwa ndinu mnzanga. Koma munamanga chitsulo kuti chizipatsa anthu m'malo mwanu. Simunkafuna kuona munthu akugwada, enya, koma simunkafunanso kumuona nkhope."

A Harawa anakhalabe chigwadire m'fumbi. A Munthali anadzuka pogwira khoma, nalowa m'nyumba, natseka chitseko pang'onopang'ono. Ine ndinatsala ndi buluku m'manja, osadziwa koyang'ana. Pomaliza ndinawathandiza a Harawa kudzuka, pakuti okha sakanatha.

Zokolola zisanafike, mwana wa a Munthali uja anabwera ndi galimoto kudzatenga makolo ake onse awiri kupita ku Mzuzu. Anati akupita kuchipatala, koma anapakira ndi mipando yomwe.

Amene anawadziwa a Harawa m'zaka zomalizira amakumbuka nkhalamba yodabwitsa yoyanika ufa wachikasu m'mphepete mwa msewu, kutsogolo kwa nyumba yake, itakhala pambali ndi kandodo kothamangitsira nkhuku. Ana ankaiseka, apaulendo ankaijambula. Zinayamba chaka chomwecho. Anayamba kulima chachikasu, kudya chachikasu, ndi kupita nacho okha kuchigayo, n'kuima pamzere pakati pa amayi. Ankaganiza kuti injiniya akamadya poyera, mtunduwo usiya kukhala chizindikiro.

Anaimiriranso m'tchalitchi kupempha a nyumba za malata, aphunzitsi, a zaumoyo ndi ife a masitolo, kuti tonse tizitapako kandowa n'kukagayitsa poyera, tikafuna tidzabweze pokolola, kuti wanjala asaonekere. Tonse tinavomera mokweza, monga timachitira m'tchalitchi. Amene anachitadi sanakwane zala za dzanja limodzi, ndipo nawonso ankafotokozera aliyense pamzere kuti akungothandiza a Harawa. Choipa kwambiri chinabwera pambuyo. Okhuta anayamba kuopa kuti akadzera m'nkhokwe anthu aziti akutapa, ndiye wina anathyola nkhadze, n'kutsegula kanjira kolambalala. Posakhalitsa onse odziyesa ndi dzina ankadzera kunja. Wolowa mkati tsopano ankadziwika polowa pomwe. A Harawa anabwezeramo chimanga choyera, anatseka mpatawo ndi minga, anthu anatsegulanso. Anatseka, anatsegula. Kenako anasiya.

Kupatsa sanasiye, koma anasintha. Anayamba kuyenda m'makomo, chinthu chimene kale ankati n'kutaya nthawi. Ankakhala pakhonde la munthu, kulandira madzi, kufunsa za mbuzi, za mwana wa ku Karonga, za denga, kufikira mwini nyumba atanena yekha chimene chamuvuta. Kucheza sankakudziwa, ankafunsa ngati wapolisi, koma ankayesetsa. Nthawi zina ankatukwanidwa, n'kubwera pakhonde langa akusangalala kuti lero andilalatira, mawa alandira. Ankati kale ankayesa kuti ulemu wa munthu umasungidwa pomubisa, koma tsopano sakudziwanso bwino, ndipo wosadziwa ayenera kufunsa. Ngakhale kuyamika anayamba kupirira. Ukamawathokoza ankaima chilili, nkhope ili ngati akumwa mankhwala a malungo, mpaka umalize.

Ku Mzuzu anapitako kangapo, bawo lili m'chikwama. Ulendo uliwonse ankauzidwa kuti aphunzitsi agona. Ankakhala pabalaza, kumwa tiyi ndi NyaGondwe, kuyang'ana chitseko cha kuchipinda, n'kukwera basi yobwerera. A Munthali atamwalira tinayamba kusesa kumanda a kwawo kudikira mtembo, koma uthenga unabwera woti malemu anasiya mawu akuti aikidwe konko ku tauni. Kwa munthu wa kuno, mkulu wa mpingo, wokhala ndi makolo ake m'nthaka ino, amenewo anali mawu olemera, ndipo tonse tinamva kuti akunena ife. A Harawa anapita kukaika. Atabwerako anandipatsa bawo lija kuti ndipatse aliyense wolifuna.

Ndiye mwezi watha, pamaliro awo, tili kuseri kuja dengu lili pakati, kunaima galimoto yaing'ono. Munatsika NyaGondwe, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, mdzukulu wawo wamkazi atawanyamulira mbale yovundikira. Kuno anali asanapondeko chichokere. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, ndi NyaChirwa yemwe, amene tsopano ndi nkhalamba yopanda mano. Kenako anatenga mbale ija m'manja mwa mdzukulu, nagwada movutikira pa dengu.

Palibe amene anapangana ndi mnzake. Koma dzanja lawo litangogwira kansalu, tonse tinayang'ana kumbali. Wina anayamba kusonkheza moto umene unkayaka kale, wina anaweramira mwana kumsana kwa mnzake, ine ndinayang'ana phiri ngati ndaliona koyamba. Tinangomva ufa ukugwa. Mayi amene ankalandira anakhuthulirapo lichero lina pamwamba, nkhope ili kwina. Mpaka lero sindidziwa kuti unali wa mtundu wanji.

NyaGondwe anakung'untha mbale yawo, natiyang'ana tonse. "Mwe, kani mumatha kuyang'ana kumbali? Mukanachita chonchi tsiku lija, bwenzi amuna anga ali m'manda a kwawo, ndipo awa tikuika lerowa akanakhala ndi wowaperekeza."

NyaGondwe anadzuka okha, anakana dzanja langa, napita kukakhala m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, ndipo anaimba nyimbo zonse mpaka pomaliza.

Nkhokwe ikadalipo. Njerwa zake palibe ndi imodzi yomwe yasuntha, denga silidontha. Pamakomo onse awiri pamera chisoso ndi bonongwe, pamene kunja kanjira kolambalala kakula mpaka ngolo imadutsa. Ana a malemu akuti mwina adzaisandutsa mosungira fodya, akadakambirana. Anthu amaitcha yopanda kanthu, koma si zoona: a Harawa anaidzaza pa zokolola zapitazi monga ankachitira chaka chilichonse, chimanga choyera, chothira mankhwala bwinobwino. Ukadutsa pafupi masana umamva fungo lake, ndipo mpheta zimadziwa polowera. Chaka chino mvula yachedwanso, ndipo masiketi ayamba kale kubwera pakhonde langa.

Dzulo popita ku mjigo ndinaona mayi wina wachitsikana ataima pakhomo la nkhokweyo, mwana kumsana, beseni la zochapa pamutu. Anayang'ana kumsika, anayang'ana kuchigayo, naponda phazi limodzi pa udzu wa pakhomopo. Kenako anatembenuka n'kundiona. Ndinawerama msanga kumanga chitenje chimene sichinamasuke, koma ndinali nditachedwa. Anandipatsa moni mwaulemu, nadzera njira ya kunja.